Phala Lomwe Lija, Koma Lothira Chimera: Chimbale Choyamba cha Jimi Hendrix ndi Magitala a ku Halale

Amene anakhalako ku Harare amadziwa kuti Southerton si dera loti munthu n'kupitako kukangoona malo. Ndi dera la mafakitale, la mipanda italiitali, malole ndi njanji, lopanikizika pakati pa Mbare, Highfield ndi Lochinvar. Kumeneko n'kumene kuli chipatala chachikulu chimene anthu amangochitchula kuti Gomo, kuli fakitale ya fodya ya BAT, kulinso fakitale yofulula mowa ya Delta, imene fungo lake la chimera chowira limakulonjerani mphepo ikatembenuka. Kwa zaka zambirimbiri, m'mawa uliwonse anthu a m'malokeshoni ozungulira akhala akukhamukira kumeneko, ena pa njinga, ena wapansi. Pakati pawo panali a kwathu ochuluka, ana ndi adzukulu a amuna aja anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Chipata ndi ku Tete kunka "ku Halale", ena nabwerako, ena natchona. Ambiri a iwo anakhazikika ku Rugare, lokeshoni ya ogwira ntchito za njanji, kufupi komweko.

Pali katundu winanso amene ankayenda ndi dzina la Southerton, ndiye mbale za galamafoni. Mukatembenuza chikuto cha mbale zakale za kampani ya Gramma Records, imene inatenga malo a kampani ya Teal, mupeza adiresi ya ku Southerton. Nyimbo zambiri zimene zinavinitsa anthu m'mabawa a ku Mbare ndi m'mahotela a ku Highfield zinadutsa m'manja mwa makampani amenewa. Ndipo nyimbo za sungura zisanalande bwalo, panali nyengo ina, ya m'ma 1970, imene anyamata akuda a m'malokeshoni a ku Rhodesia ankaimba rock yolemera, ya magitala olira ngati akung'ambika. Akuluakulu ankati limenelo ndi phokoso chabe. Ine ndikuti silinali phokoso chabe, ndipo kuti timvetse chimene chinali, tiyenera kubwerera ku chimbale chimodzi chimene chinatuluka ku London pa 12 Meyi 1967.

Chimbalecho ndi Are You Experienced, choyamba cha gulu la The Jimi Hendrix Experience. Gululi linali la anthu atatu okha. Jimi Hendrix, Mmerika wakuda wobadwira ku Seattle mu 1942, ndiye ankaimba ndi kukhwacha gitala. Noel Redding anali pa besi, Mitch Mitchell pa ng'oma, onse awiri Angelezi. Chaka cha 1967 chinali cha zimbale zoyamba zambiri za mtundu umenewu wa nyimbo, umene amautcha psychedelic rock. Gulu la The Doors linatulutsa chake mu Januwale, la Pink Floyd mu Ogasiti. Koma chimene chinagwira mitima ya oimba gitala kuno kum'mwera kwa Africa ndi cha Hendrix.

Nanga nyimbo za psychedelic n'chiyani kwenikweni? Njira yapafupi imene ndikuidziwa yozifotokozera ndi kukumbukira mmene amayi amaphikira thobwa ndi kufulula mowa wa masese.

Chiyambi chake ndi phala wamba, la ufa ndi madzi, lomwe mwana aliyense amalidziwa. Likapsa amaliphula, nalisiya kuti lizizire pang'ono, kenako amathira chimera. Pamenepo pamachitika chinthu chimene munthu wosadziwa angati ndi kuwononga chakudya. Phala lolimba lija limasungunuka, limasanduka lamadzimadzi, limayamba kutsekemera. Likagona limayamba kusasa, likagonanso limachita thovu ndi kuwira lokha popanda moto. M'khitchini, chakudya chikasasa ndi kuchita thovu timataya. Koma wofulula akufuna kusasa komweko. Luso lake lonse lagona pa kudziwa kuti alole kuwonongekako kufike pati, ndipo akuimitse liti. Akathira chimera phala likadali lotentha kwambiri, chimera chimafa, palibe chichitika. Akachedwa kusefa, mowa umawawasa, anthu n'kuulavula.

Phala la Hendrix linali blues, nyimbo za anthu akuda a kum'mwera kwa America, za mawu ochepa obwerezabwereza ndi makodi atatu. Asanadziwike, iye anatha zaka akuyenda m'mabasi ndi magulu a ena, kuimbira kumbuyo kwa Little Richard ndi The Isley Brothers, ndipo blues ankaidziwa ngati njira ya kumunda. Pa chimbale chimene chinatuluka ku Britain pali nyimbo yotchedwa Red House. Imeneyo ndi phala lenileni, losathira kanthu kambiri, loyenda pang'onopang'ono. Ndimakonda kuuza anthu kuti ayambe kumvera imeneyo. Mukaimva, mudziwa kuti munthuyu sankabisa kulephera m'phokoso. Akanafuna kuimba moyera moyo wake wonse, akanatha.

Chimera chake chinali magetsi, ndipo apa m'pofunika kufotokoza bwino. Gitala ya magetsi payokha siimveka patali. Pansi pa nsambo zake pali timaginito tokulungidwa ndi waya wopyapyala. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, mu waya muja mumabadwa mphamvu ya magetsi yochepa kwambiri, imene imatsata kunjenjemera kwa nsamboyo. Mphamvuyo imapita ku ampulifaya, imene imaikulitsa n'kuipereka ku sipika. Amisiri amene anapanga zipangizo zimenezi ankafuna chinthu chimodzi, chakuti mawu atuluke monga analowera, angokula basi. Koma ampulifaya iliyonse ili ndi malire. Mukaikweza kupyola malirewo, imalephera kutsata nsambo mokhulupirika. Nsonga za mafunde a mawu zimadulidwa, ndipo pa liwu limodzi lija pamamera timawu tina tambiri, tokhakhala, tosakanikirana. Liwu limanenepa, limasasa, ndiponso limakhalitsa osafa msanga. Kwa mmisiri chimenecho chinali chilema. Oimba blues ena anali atachikonda kale chilemacho m'ma 1950, koma Hendrix anachisandutsa maziko a nyumba yonse. Ankagwiritsa ntchito maampulifaya a Marshall a mawati 100, otsegulidwa mpaka kumapeto, ndipo pansi, pafupi ndi phazi lake, pankakhala kabokosi kozungulira kotchedwa Fuzz Face, ka matransisita awiri okha, kamene ntchito yake ndi kuwononga liwu dala lisanafike n'komwe ku ampulifaya.

Chilema chachiwiri mumachidziwa nonse, chifukwa munachimvapo kutchalitchi, pamaliro kapena pamsonkhano. Wolankhula akayandikitsa maikolofoni ku chimkuzamawu, pamamveka kulira kobaya m'makutu, anthu n'kugwira mitu. Chimachitika n'chakuti mawu otuluka mu sipika amalowanso mu maikolofoni, nakulitsidwa, natulukanso, nalowanso, mozungulira mosalekeza. Pa gitala zimachitikanso chimodzimodzi: mphepo yochokera mu sipika imagwedeza nsambo, nsambo imatumiza liwu, sipika imaigwedezanso. Apa ndi paja mowa umawira wokha popanda moto. Aliyense ankathawa kulira kumeneku. Hendrix anaphunzira kuima pa mtunda woyenera kuchokera ku sipika, kutembenuza thupi pang'ono, kutseka nsambo zina ndi chikhatho n'kusiya imodzi yokha, kotero kuti kulira kuja kunkatuluka pa liwu limene iye wasankha, n'kumalikweza kapena kulitsitsa ndi kachitsulo kogwedezera nsambo. Mverani mmene nyimbo ya Foxy Lady imayambira. Liwu limodzi limanjenjemera chapansipansi, limatupa, limafika poti tsopano liphulika, ndipo pomwepo gulu lonse limagwera m'nyimbo. Kumeneko ndiko kudziwa nthawi yosefa.

Zina zinachitikira mu situdiyo. Chimbalechi chinajambulidwa pakati pa Okutobala 1966 ndi Epulo 1967 m'masitudiyo atatu a ku London: De Lane Lea, CBS ndi Olympic. Woyang'anira anali Chas Chandler, amene kale ankaimba besi mu gulu la The Animals, ndipo ndi yemwe anamutenga Hendrix ku New York kupita naye ku London mu Seputembala 1966. Ndalama zinali zochepa, motero Chandler sankalola kutaya nthawi. Ankakonzekera kunyumba, akafika mu situdiyo n'kujambula mwachangu. Makina ake anali a tepi ya mizere inayi yokha. Lero mnyamata wa ku Mbare ali ndi mizere yosawerengeka pa kompyuta yake. Iwo, mizere inayi ija ikadzaza, ankaisakaniza n'kuitsanulira pa tepi ina kuti papezeke malo owonjezera zina. Mmisiri amene anagwira ntchitoyi ku Olympic, Eddie Kramer, anabadwira ku Cape Town, ndipo anakhala ndi Hendrix mpaka kumapeto.

M'nyimbo imene ili ndi dzina la chimbalechi, anatembenuza tepi kuti gitala ndi ng'oma zimveke chobwerera m'mbuyo. Liwu la nsambo mwachibadwa limayamba mwamphamvu n'kumazilala. Mukalitembenuza limachokera kutali, limakula, kenako n'kuduka mwadzidzidzi. Khutu la munthu silinazolowere zimenezo, chifukwa m'chilengedwe mulibe chinthu cholira motero, n'chifukwa chake womvera amamva ngati pansi pakusuntha. Mu Third Stone from the Sun anachedwetsa tepi ya mawu a anthu olankhula mpaka anasanduka mabingu. Mu Purple Haze anagwiritsa ntchito kachipangizo kotchedwa Octavia, kopangidwa ndi Roger Mayer, kamene kamawonjezera liwu lina lokwera pamwamba pa limene mwakhwacha. Zonsezi cholinga chake chinali chimodzi, kuti nyimbo imveke monga dziko limaonekera kwa munthu amene mutu wake wazungulira, kaya ndi maloto, malungo kapena mankhwala.

Za mankhwalazo tisazibise. Nyimbo zamtunduwu zinakulira limodzi ndi mankhwala ozunguza bongo otchedwa LSD, amene achinyamata ambiri a ku America ndi ku Britain ankamwa m'zaka zimenezo. Hendrix mwiniwake anamwalira ku London pa 18 Seputembala 1970, ali ndi zaka 27 zokha, atamwa mapiritsi ogonetsa ochuluka. Zimandipweteka ndikamva anthu akunena ngati kuti mankhwalawo ndiwo ankaimba gitala. Anthu zikwizikwi anamwa zomwezo ndipo sanasiye kanthu koti n'kumvera. Magulu ambiri a nthawi imeneyo anathira chimera chambiri m'phala lamadzi, natulutsa zimbale za phokoso lalitali lopanda nyimbo mkati, zimene lero palibe amazikumbuka. Chimene chinasunga Are You Experienced ndi chakuti pansi pa thovu lonselo pali nyimbo zomangidwa bwino, zambiri mwa izo za mphindi zitatu kapena zinayi, zokhala ndi mutu ndi mchira. Palinso ng'oma za Mitchell, amene anakulira mu jazi ndipo sankangosunga nthawi koma ankayankhana ndi gitala, pamene Redding, yemwe kwenikweni anali woimba gitala wopatsidwa besi, ankagwira mzati kuti denga lisagwe.

Ku Britain chimbalechi chinafika pa nambala 2, kumbuyo kwa Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band cha The Beatles. Ku America chinatuluka mu Ogasiti chaka chomwecho, chitasinthidwa. Anachotsa nyimbo zitatu, kuphatikizapo Red House, naikamo Hey Joe, Purple Haze ndi The Wind Cries Mary, zimene ku Britain zinali zitatuluka kale pa timbale ting'onoting'ono. Choncho anthu awiri akhoza kukangana za chimbale chimodzimodzichi pamene aliyense anamva chosiyana.

Tsopano tiwoloke nyanja. Mu 1967 dziko la Rhodesia linali pansi pa Ian Smith, amene pa 11 Novembala 1965 analengeza kuti azungu a kumeneko adzilamulira okha popanda Britain. Mayiko anaika zilango za malonda. Mzinda umene lero ndi Harare unkatchedwa Salisbury, ndipo dzina loti Harare linali la lokeshoni imene lero ndi Mbare. Munthu wakuda ankagona kumene wauzidwa, kumwa kumene wauzidwa. Komabe nyimbo zinkalowa. Wailesi ya LM Radio, youlutsa kuchokera ku Lourenço Marques, imene lero ndi Maputo, inkamveka m'madera ambiri a kum'mwera kwa Africa ndipo inkaimba nyimbo za pop ndi rock zatsopano. Mbale zinkabwera kudzera ku South Africa, ndipo imodzi ikafika m'lokeshoni inkayenda nyumba ndi nyumba mpaka kukalika.

Anthu ena amati anyamata amene anatengeka ndi nyimbozi ankangotsanzira azungu. Ine sindivomereza. Taganizani mnyamata wa ku Highfield kapena ku Makokoba, amene bambo ake amatchedwa "boyi" ndi kamwana ka bwana, atagwira chikuto cha mbale m'manja. Akuona munthu wakuda, tsitsi lili nyankhalala, zovala zamaluwamaluwa, ali pakati, azungu awiri ali m'mbali mwake, ndipo gulu lonse likutchedwa ndi dzina la wakudayo. Akaika mbaleyo pa galamafoni akumva munthu amene sakupempha chilolezo kwa aliyense. M'dziko limene munthu wakuda ankayenera kulankhula motsitsa mawu, gitala yokuwa chotero inali ndi tanthauzo limene mnyamata wa ku London sakanalimva. Ndiponso phala lija, blues, linali la zidzukulu za akapolo ochokera ku Africa konkuno. Kuyankhana kwa mawu ndi chida, kubwereza kachigawo kamodzi mpaka thupi litagwidwa, kukonda liwu lokhakhala m'malo mwa loyera mbee, zonsezi si zachilendo kwa ife. Amene amapanga mbira amamangirirapo tizigoba kapena zitsekerero za mabotolo kuti inzinze, ndipo opanga kalimba ndi mangolongondo a zikho kwathu amamata bowo la chikho ndi kansalu ka kangaude pa chifukwa chomwecho. Makolo athu anadziwa kale kuti liwu loyera kwambiri silikoma.

Ku Mbare kunatchuka Manu Kambani ndi gulu lake la Dr Footswitch, ndipo anthu ankamuyerekeza ndi Hendrix yemweyo. Kunali gulu la Eye Q, limene nyimbo yake Please the Nation inagulidwa kwambiri. Ku Bulawayo, woimba ng'oma Ebba Chitambo anayambitsa gulu la Wells Fargo, mmene munali Josi Ndlovu, Handsome Mabhiza, Never Mpofu ndi woimba gitala George Phiri, wa mfunda umene aliyense wa ife amaudziwa. Nyimbo zawo anthu anadzazitcha Zim heavy. Pambuyo pa chikondwerero cha Woodstock cha mu 1969, ku Rhodesia nakonso kunayamba mipikisano ndi zikondwerero za rock, kumene achinyamata akuda ndi oyera ankavinira pamodzi, chinthu chimene boma la Smith linkadana nacho kwambiri. Nkhondo ya ufulu itakula, nyimbo ya Wells Fargo yotchedwa Watch Out, yochenjeza kuti kukubwera zoopsa, inamveka kwa aliyense kuti ikunena za nkhondoyo. Inaletsedwa pa wailesi, ndipo apolisi anayamba kulilonda gululo.

Apa pali kusiyana kumene kumandikhudza mtima. Hendrix anapatsidwa chimbale chathunthu, cha mphindi pafupifupi 40, patangopita miyezi yosakwana isanu ndi itatu chifikire ku London. Oimba rock akuda a ku Rhodesia ankapatsidwa timbale ting'onoting'ono tozungulira ka 45 pa mphindi, nyimbo imodzi mbali ino, ina mbali inayo. Kambale kotero n'kotsika mtengo, kogulika m'lokeshoni, ndipo kampani siitaya zambiri kakapanda kuyenda. Koma kusiyana kwa kambale ndi chimbale n'kwakukulu. Kambale kali ngati chipanda chimodzi chokulawitsani, pamene chimbale ndi mbiya yonse, mmene mumamva za pamwamba ndi za pansi, nyimbo yaukali ndi yofatsa, yovinitsa ndi yongokhala phee n'kumvera, n'kudziwa bwino dzanja la wofulula. Wells Fargo sinatulutse chimbale m'zaka zake za mphamvu. Chimbale chake choyamba, Watch Out!, chinatuluka mu 2016, patapita zaka pafupifupi 40, pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inasonkhanitsa timbale takale tija n'kutiika pamodzi.

Kutsidya kwa Zambezi zinthu zinayenda mosiyana. Zambia inali pa ufulu kuyambira 1964, mkuwa unkagulidwa bwino, ndipo anyamata a ku migodi anali ndi ndalama zolowera m'madansi. Gulu la WITCH, lotsogozedwa ndi Emmanuel "Jagari" Chanda, linatulutsa chimbale chake choyamba, Introduction, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mbalezo zinakadindidwa ku Nairobi. Kenako kunabwera Lazy Bones!! mu 1975, chaka chomwe gulu la Amanaz linatulutsa Africa ndipo Musi-O-Tunya, gulu limene Rikki Ililonga anali m'modzi mwa oliyambitsa, linatulutsa Wings of Africa. Pulezidenti Kenneth Kaunda atalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dzikomo, magulu anachuluka ngati bowa, ndipo Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ndi kampani ya Teal ya ku Ndola anali ndi zambiri zojambula. Kwa ife olankhula Chichewa ndi Chinyanja, dzina lofunika kwambiri ndi Paul Ngozi wa ku Lusaka, mwini gulu la Ngozi Family. Pa zimbale monga Day of Judgement cha 1976 ndi 45,000 Volts cha 1977, gitala yake ndi yosasa kuposa ya Hendrix, yokhakhala ngati tupa, koma nkhani zake zambiri ndi za m'komboni, za mabanja, ufiti, miseche ndi umphawi, zina m'chinenero chathu chomwechi. Ameneyo anatenga chimera cha ku London n'kuchithira mu ufa wa kumunda kwawo. Anamwalira mu 1989, ndipo ku Kabwata kuli msewu wa dzina lake. Mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga chigawo cha nyimbo ya Ngozi Family yotchedwa Nizakupanga Ngozi n'kuchiika mu nyimbo yake Noid, kotero kuti anthu mamiliyoni anamva Chinyanja cha ku Lusaka osadziwa n'komwe.

Ku Malawi mbiya imeneyi siinawire kwenikweni. Boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la kavalidwe mu 1973, amuna a tsitsi lalitali ankametedwa, ndipo bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo linali tcheru. Oimba ambiri ankadalira situdiyo ya MBC, imene inalinso wailesi yokhayo m'dziko. Mnyamata wofuna kukuwitsa gitala analibe kolowera.

Ku Rhodesia komweko, anthu ena anatenga njira ina imene pamapeto pake ndiyo inapambana. Thomas Mapfumo m'ma 1960 ankaimba nyimbo za rock ndi soul za kunja ndi gulu la The Springfields. Ali ku mgodi wa Mhangura ndi gulu la Hallelujah Chicken Run Band, iye ndi woimba gitala Joshua Dube anayamba kusamutsira kayendedwe ka mbira pa gitala ya magetsi, akutseka nsambo ndi chikhatho kuti zilire mwachidule ngati mano a mbira. Jonah Sithole anadzapititsa lusoli patsogolo. Nyimbo za chimurenga zinabadwa motero, m'Chishona, zolankhula kwa anthu a kumudzi ndi a m'tauni omwe. Ufulu utabwera pa 18 Epulo 1980, ndipo Bob Marley ataimba pa bwalo la Rufaro ku Mbare, makutu a anthu anali atatembenukira ku chimurenga, rege, jiti ndi sungura. Rock ya m'Chingelezi inayamba kuoneka ngati chovala cha nthawi ya Smith, ngakhale kuti oimba ake ena anazunzika chifukwa chotsutsa Smith yemweyo. Kumeneko kunali kuwalakwira. Ku Zambia nako mtengo wa mkuwa unagwa, malamulo oletsa kuyenda usiku anapha madansi, disiko inalowa, ndipo matenda a Edzi anatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo.

Komabe sindikhulupirira kuti zonse zinatayika. Chimene m'badwo wa Manu Kambani ndi Paul Ngozi unasiya ndi chikhulupiriro chakuti woimba chida akhoza kukhala mwini bwalo, kuti anthu akhoza kulipira pakhomo kudzaona zala za munthu. Mu sungura magitala ndi oyera, osasasa, koma taonani Alick Macheso, mwana wa bambo wochokera ku Malawi, amene anakulira mu gulu la Khiama Boys la Nicholas Zakaria ndipo amaimba zina m'Chichewa. Iye anatenga besi, chida chimene chinkabisala kumbuyo, n'kuchiika patsogolo, kuchiimba ndi chigongono, ndi phazi, ndi chibwano, khamu la anthu likukuwa. Sindikunena kuti anaphunzira kwa Hendrix. Ndikunena kuti bwalo limene amaimapo linalambulidwa ndi anthu amene anaphunzira.

Amene akufuna kumva zonsezi ndi makutu ake atha kutero lero pa foni, chifukwa zimbale zonse ndatchulazi zili pa intaneti. Ayambe ndi Red House, kenako Foxy Lady, kenako Third Stone from the Sun, kuti amve phala likusungunuka pang'onopang'ono. Akatero apite ku Watch Out ya Wells Fargo ndi Nizakupanga Ngozi ya Ngozi Family, ndipo amvetsere mmene ng'oma zasinthira, chifukwa m'menemo ndi mmene muli dzanja la kwathu. Jagari Chanda, amene anakhala mphunzitsi kenako wokumba miyala ya mtengo wapatali nyimbo zitazilala, anabwereranso pa siteji, ndipo mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango n'kumayenda nacho ku Ulaya ndi ku America. Timbale toyambirira ta Zim heavy, tija tinkagulidwa ndi ndalama za m'thumba la wogwira ntchito ku Southerton, lero timasakidwa ndi osonkhanitsa mbale a kunja pa mitengo imene oimba ake sanaigwirepo. Ngati m'nyumba ya agogo anu ku Rugare, ku Mufakose kapena ku Matero muli katoni ya mbale zakale pansi pa bedi, musaitaye, ndipo musaiike padzuwa, chifukwa mbale zimapindika ndi kutentha. Ziimikeni chilili, muzipukute ndi kansalu kofewa, ndipo mufunse agogowo kuti ankavinira kuti, ndani ankaimba, ndipo apolisi akabwera ankathawira mbali iti.